Msuzi wa usipa, nyerere ndi pepa yanga yoyamba

Mu Januwale 2022, m'mudzi wina wa kufupi ndi Linthipe m'boma la Dedza, ndinapeza agogo ena ali m'munda, chitini cha msuzi wa usipa chili m'manja. Dzina lawo sinditchula, ndipo chifukwa chake muchimva kutsogoloku. Ankayenda phando ndi phando, n'kumatsegula mtima wa chimanga ndi zala, kusuzumira ngati muli zonga utuchi zija mbozi imasiya ikadya. Akazipeza, ankadontheza msuzi pang'ono ndi kasupuni n'kupita pa phando lina. Nditawafunsa ngati msuziwo umapha mbozi, anapukusa mutu. "Iyayi mwanangu, usipa sungaphe mbozi. Ine ndikuitana nyerere. Zikamva fungo zimakwera, ndiye zimakaipeza mboziyo ili phee momwemo."

Nthawi imeneyo n'kuti ndili m'chaka choyamba cha PhD, digiri yapamwamba ya kafukufuku, pa za tizilombo toononga mbewu. Mawu awo ndinawalemba m'kope, ndipo kuchokera tsiku limenelo mpaka tsiku limene anatuluka m'magazini ya akatswiri panapita zaka pafupifupi zitatu.

Aliyense amene walima chimanga kuyambira 2017 akuidziwa mbozi imeneyi. Ambiri timangoti ntchemberezandonda, ngakhale ndi yosiyana ndi ntchemberezandonda yakale ija yoyenda chigulu poyera. Iyi kwawo ndi ku America, dzina lake la sayansi ndi Spodoptera frugiperda, ndipo mu Africa inaoneka koyamba chakumadzulo mu 2016. Pofika Disembala 2017 inali itasakaza minda kwathu kuno mpaka Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti maboma 20 mwa maboma 28 ali pa tsoka. Mukaigwira mumaizindikira ndi chizindikiro chonga Y wozondoka pamutu ndi madontho anayi akuda chakumchira. Gulugufe wake amauluka usiku, amatha kuyenda makilomita 100 usiku umodzi mphepo ikamukankha, ndipo wamkazi mmodzi angaikire mazira okwana 1,000. Kuipa kwake n'kwakuti masana imabisala mumtima mwa chimanga, momwe mankhwala opopera safika bwino, ndipo mlimi wa theka la ekala sangakwanitse kugula botolo la mankhwala a cypermethrin nthawi zonse mbozi ikabwera. Mpake anthu anayamba kuyesa zawozawo: phulusa, mchenga, sopo wa ufa, masamba a nimu ndi ombwe, tsabola, ndi msuzi wa usipa. Kafukufuku wanga anali wofuna kuona kuti mwa zimenezi n'ziti zikuthandizadi.

Kwa inu amene simunadutsemo m'njira imeneyi, PhD salembera mayeso ngati a Fomu 4. Umachita kafukufuku zaka zitatu kapena zinayi, n'kulemba buku lalikulu lija timati thesis. Koma masukulu ambiri a ukachenjede masiku ano, kuno kwathu ngakhalenso ku South Africa komwe anzathu ambiri amakaphunzira, amafuna kuti usanavale gauni ukhale utatulutsa kapena utatumiza nkhani ya kafukufuku wako ku magazini ya akatswiri, imene tonse timangoti journal. Nkhaniyo timaitcha pepa. Ndi yaifupi, masamba 10 kapena 15. Umaitumiza kwa mkonzi, ndipo iye akaona kuti ndi yoyenera amaipereka kwa akatswiri awiri kapena atatu amene iwe suwadziwa, kuti aiunike n'kunena ngati ili ndi mutu. Kawirikawiri anthu amenewa salipidwa. Ma journal anayamba kalekale, mu 1665, ku Paris ndi ku London, ndipo ya ku London ija, Philosophical Transactions, ikutulukabe mpaka lero. Ifeyo tikulowa mochedwa m'bwalo limeneli, ndipo milandu yake imakambidwa m'Chingelezi.

Amayi anga nditawafotokozera zonsezi anangofunsa kuti, "Ndiye akakulipira zingati ikatuluka?" Ndinawauza kuti salipira, ndipo nthawi zina wolembayo ndiye amalipira. Anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Basi, bola ukudziwa chimene ukufuna mwana wanga." Funso lawo linali la nzeru, ndipo ndalibwereza kambirimbiri mumtima mwanga.

Pepayo ndinailemba m'nyengo ya mdima. Namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130, ndipo kwa chaka chathunthu ndi miyezi ingapo magetsi ankangoyaka mwa apo ndi apo. Ndinkagona msanga n'kudzuka cha m'ma 2 koloko usiku akayaka, kutchaja laputopu ndi foni, n'kulemba mpaka tambala woyamba. Zowerenga ndinkazipeza kudzera ku Research4Life, makamaka mbali yake ya zaulimi yotchedwa AGORA imene bungwe la FAO, loona za chakudya ndi ulimi pa dziko lonse, linayambitsa mu 2003, yomwe imalola masukulu a m'maiko osauka kuwerenga ma journal ambiri ulere. Pakanapanda imeneyo, pepa imodzi ya munthu wina ikanafuna madola 30 kapena 40 kuti ndingoitsegula. Ngati muli pa sukulu ya ukachenjede ndipo simunafunsepo ku laibulale za Research4Life, mawa lomweli kafunseni.

Chovuta kuposa magetsi chinali chilankhulo. Zimene agogo aja ananena m'mawu ochepa, ine ndinkazivutikira ndime ziwiri za Chingelezi, ndipo zikatha zinkaoneka zoonda, zopanda mphamvu imene zinali nayo m'munda muja. Ndinkaganiza m'Chichewa, kulemba m'Chingelezi, kenako kudzikayikira m'zilankhulo zonse ziwiri. A Profesa amene ankandiyang'anira, omwe timawatcha supavaiza, anabweza zolemba zanga maulendo asanu ndi limodzi, ulendo uliwonse zili psuu ndi inki yofiira.

Mu Juni 2023 ndinatumiza pepayo ku journal ina yotchuka ya ku Ulaya. Patangopita masiku 9 yankho linabwera. Mkonzi sanaitumize n'komwe kwa ounika. Analemba mizere inayi yokha, kunena kuti nkhaniyi ndi ya dera laling'ono ndipo owerenga awo a m'maiko osiyanasiyana sangaipeze ya phindu. Ndinaiwerenga imelo ija ndili m'minibasi yochokera ku Area 25, ndipo ndinapitirira siteji yanga osadziwa. Masiku atatu sindinauze munthu. Ndinkamva ngati andiuza kuti zaka ziwiri za m'matope a ku Dedza n'zachabe, ndiponso kuti nzeru za alimi aja n'zosayenera kumveka kunja kwa mudzi wawo.

Nditalimba mtima n'kukawauza a Profesa, sanandipepese. Anandifunsa kuti, "Musanatumize kumeneko, munawerenga mapepa angati a m'journal imeneyo kuyambira koyamba mpaka kumapeto?" Yankho loona linali lakuti palibe. Ndinaisankha chifukwa cha kutchuka kwa dzina. Ndiye anandiuza kuti nditsegule mndandanda wa mapepa amene ndinawatchula kumapeto kwa pepa yanga, tiwerenge limodzi kuti ambiri anatuluka kuti. Ma journal atatu ankangobwerezabwereza. "Anthu amene mukukambirana nawo ali umu," anatero akuloza ndi cholembera. "Mwapita kukalankhula pa bwalo la eni, anzanu mwawasiya pano." Tsiku limenelo ndinamvetsa kuti pepa ndi mawu amene ukuponya pa zokambirana zimene anthu ena anayamba kale, ndipo uyenera kudziwa kumene akhala.

M'masabata omwewo, maimelo ena anayamba kugwa ngati mvula. Ankanditchula kuti Profesa, kuyamikira ntchito yanga imene sanaionepo, n'kulonjeza kuti pepa yanga ituluka pasanathe sabata ndikangotumiza madola ochepa. Ndinene zoona, mtima unagwedezeka. Ndalama za sikolashipu zinali ndi malire ake, nthawi inali kutha, ndipo apa panali khomo lotsegula. Chinandibweza ndi zimene zinaonekera mnzanga wina wa chaka chapatsogolo. Iye analipira, pepa yake inatuluka m'masiku asanu popanda woiunika, koma sukulu inakana kuiwerengera. Choipitsitsa, sakanathanso kuitumiza kwina, poti pepa ikatuluka kamodzi yatuluka. Ntchito yake ya chaka chathunthu inakwiririka pamenepo. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo pa nkhani iyi malo ofunsa alipo. Kale anthu ankadalira mndandanda wa ma journal achinyengo umene Jeffrey Beall, wogwira ntchito mu laibulale ya University of Colorado Denver, ankasunga pa intaneti mpaka anautseka mu Januwale 2017. Masiku ano ndi bwino kuyang'ana mbali inayo: kodi journal imeneyi ikupezeka m'mindandanda ya ma journal odalirika monga DOAJ, Scopus kapena Web of Science? Kodi akonzi ake ndi anthu enieni amene mungawapeze pa masukulu awo? Tsamba la Think. Check. Submit. lili ndi mafunso amenewa mwadongosolo, ndipo sizitenga ola kuwayankha.

Koma apa pali china chimene chimandipweteka. Chifukwa choopa achinyengowa, ena mwa ife tayamba kunyoza journal iliyonse ya mu Africa, ngati kuti yabwino ndi yokhayo yochokera kutsidya kwa nyanja. Si zoona. Malawi Medical Journal imatuluka ku Blantyre komweku ndipo madokotala a dziko lonse lapansi amaipeza mu PubMed, nkhokwe ya pa intaneti ya mapepa a zachipatala. African Journals Online, imene inayamba mu 1998 ndipo likulu lake lili ku South Africa, imasunga ma journal mazanamazana a mu Africa muno, ambiri mwa iwo ounikidwa bwino lomwe. Tikamathawitsa ntchito zathu zabwino zonse kupita kunja, ma journal athu adzakula ndi chiyani?

Kenako panabwera nkhani ya ndalama, funso lija la amayi. Njira zilipo ziwiri. Ma journal ena wolemba salipira, koma wowerenga ndiye amalipira. Ena amatsegulira aliyense kuti awerenge ulere, koma wolemba ndiye amasenza mtengo wake. Mitengoyo si yamasewera. Journal ya Nature italengeza mtengo wake wa njira yachiwiriyi kuyambira 2021, unali mayuro 9,500 pa pepa imodzi, ndipo ma journal ambiri apakatikati amafuna madola 2,000 kapena kuposerapo. Ine ndinkafuna njira yotsegukayi, chifukwa mlangizi wa zaulimi wa ku Linthipe alibe laibulale yomulembetsera, ali ndi foni ndi bandulo ya sabata basi. Mwayi wake, osindikiza ambiri amachotsera kapena kukhululukira mtengowu olemba a m'maiko ngati Malawi, bola upemphe pa nthawi yotumiza, osati pepa italandiridwa kale. Ndinapempha mu Ogasiti 2023 potumiza ku imodzi mwa ma journal atatu aja, ndipo anavomera. Mu Novembala chaka chomwecho kwacha inagwa ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kufika pa K1,700. Ndinawerengetsa pa foni: madola 2,000 akanakhala K3.4 miliyoni. Ndinaganiza za anzanga amene sadziwa kuti kupempha n'kololedwa, amene amangoona mtengo n'kutseka tsambalo.

Miyezi inayi inatha ndikutsegula tsamba la journal m'mawa uliwonse, pali mawu omwewo akuti Under review, kutanthauza kuti ikuunikidwabe.

Yankho linabwera sabata ya Khirisimasi. Mkonzi anati major revisions, kutanthauza kuti sanaikane, koma ikufunika kukonzedwa kwambiri. Wounika woyamba analemba theka la tsamba, mawu okoma ndi zokonza zazing'ono. Wachiwiri analemba masamba atatu. Pakati pa zonse zimene ananena panali funso limodzi limene linandilasa. Anati: mwaonetsa kuti chimanga chothiridwa msuzi chinaonongeka pang'ono poyerekeza ndi chosathiridwa, koma mukudziwa bwanji kuti ndi nyerere? Mwina ndi madzi chabe amene akumiza timbozi tating'ono. Simunayese kuthira madzi opanda usipa. Simunawerenge nyerere. Ndipo munkapita kumunda masana okhaokha, pamene mboziyi imadya kwambiri usiku.

Ndinapsa mtima. Ndinkamva ngati munthu ameneyu, amene mwina sanapondepo m'munda wa chimanga wa ku Malawi, akunena kuti agogo aja ndi abodza. Ndinalemba yankho laukali usiku womwewo, koma mwamwayi sindinalitumize. A Profesa nditawaimbira anangoti, "Walira mvula walira matope. Munkafuna akatswiri aiwerenge, ndiye aiwerenga. Isiyeni sabata imodzi, mudye Khirisimasi, kenako muiwerengenso."

Nditaiwerenganso, manyazi anandigwira, chifukwa ndinaona chinthu chimene ukali unandibisira. Wounika uja sankanyoza agogo. Iye ndiye anatenga mawu awo mozama kuposa ine. Agogo ananena chinthu chenicheni, choti chingayesedwe: si msuzi umene ukupha, ndi nyerere. Ine ndinangowakhulupirira chifukwa ndinkawakonda ndiponso chifukwa nkhaniyo inali yokoma kuifotokoza, n'kuilemba m'pepa ngati kuti ndaitsimikiza. Ndikanamva mawu omwewo kwa profesa wa ku Ulaya, ndikanawayesa ndi miyeso yonse. Poti ananena ndi mayi wa kumudzi, ndinangogwedeza mutu mwaulemu n'kupitirira, monga timachitira ndi nthano. Ulemu weniweni unali kuyesa mawu awo monga ndikanayesera a katswiri wina aliyense, chifukwa iwonso ndi katswiri. Zinatengera mlendo wosadziwika dzina kuti andionetse zimenezi.

Ndinalembera mkonzi kupempha miyezi ina yoonjezera kuti ndibwerere kumunda nyengo ya dzinja isanathe. Sindinkadziwa kuti zimenezi n'zotheka, koma anayankha tsiku lotsatira kuti palibe vuto.

Dzinja la 2024 aliyense akulikumbuka. El Niño anabweretsa ng'amba, ndipo mu Febuluwale mvula inadula masabata angapo chimanga chili pa msinkhu wofuna madzi. Masamba anapiringizika ngati a anyezi. Pofika Malichi, Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa tsoka. Mbozi nayo inachuluka, poti mvula yamphamvu imene imakokolola timbozi tating'ono kunalibe. Ndinafika m'mudzi muja ndi mabotolo, zolembera ndi thumba la usipa wogula pa msika wa Chimbiya, mtima uli pa mafunso a wounika, koma ndinapeza anthu mtima uli pa njala imene ikubwera.

Agogo aja anandilandira pa mkeka, nandipatsa madzi. Nditawafotokozera kuti kuli munthu wina kutali amene akufunsa ngati si madzi chabe, sanakhumudwe. Anaseka pang'ono n'kunena kuti, "Ameneyo ndi wanzeru. Ndiye thira madzi mizere iyi, msuzi mizere iyo, tione." Kenako anandifunsa nthawi imene ndinkathira msuzi chaka chatha. Ndinati m'mawa cha m'ma 10 koloko, tikafika ndi galimoto. Anagwira pakamwa. "Dzuwa lili pamutu? Umauma nyerere zisanabwere. Ine ndimathira dzuwa likapendeka, kukamazizira." Anapitiriza kundiuza kuti m'munda wopopera mankhwala kumene usavutike n'komwe, nyerere zimakhala zitafa kapena kuthawa. Anatinso m'munda umene mwini wake amatentha mapesi nyerere zimachepa, pamene m'munda wophimbira zimakhala mbwee. Ndipo anandiuza chinthu china chimene sichinali m'pepa yanga ngakhale mzere umodzi: chaka cha njala ngati chino, palibe mayi angatenge usipa wa ndiwo za ana kukathira m'munda. Iwo amagwiritsa ntchito mitu ndi madzi otsukira.

Zonsezi ankazidziwa mu 2022. Sanandiuze chifukwa sindinafunse. Pepala langa la mafunso linali ndi mabokosi ochonga, lakuti mumagwiritsa ntchito chiyani, kangati, pa ekala zingati. Linalibe bokosi lakuti "nthawi yanji" kapena "m'munda wotani", ndipo iwo anayankha zimene ndinafunsa.

Masabata asanu otsatira ndinagona m'mudzimo. Madzulo aliwonse ine ndi alangizi a m'deralo tinkalowa m'minda ndi matochi, kugwada pa mizere, kuwerenga nyerere pa phando lililonse limene tinaika chizindikiro, m'mawa n'kubwerera kukaona mbozi. Alangiziwo ndi amene anakonza kayalidwe ka mizere kuti ya madzi ndi ya msuzi isayandikane kwambiri, poti nyerere sizidziwa malire. Usiku wina ndinaona ndi maso anga nyerere zitaunjirira kambozi kakang'ono, kukakoka kutsika nako paphesi. Ndinakhala pansi pa mzere pomwepo, misozi ili m'maso.

Zimene tinapeza zinali zochepa poyerekeza ndi zimene ndinalemba poyamba. M'minda imene tinayesamo, madzi okha sanasinthe zambiri. Msuzi unaitanadi nyerere, ndipo unathandiza pamene mbozi zinali zazing'ono ndiponso m'minda imene nyerere zinalimo kale. Mbozi ikakula, nyerere zinkailephera. Choncho mutu wa pepa unasintha, mawu akuluakulu aja onena za njira yothetsera mbozi ndinawachotsa, n'kutsala ndi chiganizo chaching'ono chimene ndingachiimirire pamaso pa aliyense. Pepa inachepa thupi koma inalimba mafupa.

Kalata yoyankha ounika inatalika kuposa pepa yeniyeniyo. A Profesa anandiphunzitsa kuika mfundo iliyonse ya wounika payokha, pansi pake yankho langa, kenako tsamba ndi mzere pamene ndakonza, osadumpha ngakhale imodzi, ngakhale yaing'ono ya kalembedwe chabe. Pafupifupi zonse ndinavomera. Imodzi yokha ndinakana: wounika wachiwiri yemweyo anapempha kuti ndichotse ndime imene inali ndi mawu a alimi, ati ikutalikitsa nkhani. Ndinayankha mwaulemu kuti nthawi yothirira ndi kusankha minda zinachokera kwa alimiwo, ndipo kuchotsa mawu awo kungapangitse wowerenga kuganiza kuti nzeruzo ndi zanga. Mkonzi anagwirizana nane. Wophunzira ali ndi ufulu wotsutsa wounika, bola akhale ndi chifukwa chogwirika ndipo alankhule ngati akulankhula ndi mkulu amene akumufunira zabwino.

Itabwerako kachiwiri ndi zokonza zochepa, mu Seputembala 2024 kunabwera imelo ya mawu amene ndinawadikira zaka. Ailandira. Ndinali ndekha m'chipinda chowerengera. Ndinaimbira amayi, ndipo iwo analulutira pa foni mpaka aneba anabwera kudzafunsa. Patapita masabata awiri anatumiza masamba osanjidwa kale kuti ndiwaone komaliza m'maola 48. Ndinaonetsetsa kuti mawu akuti usipa akhalebe momwemo, pambali pa dzina lake la sayansi, Engraulicypris sardella, kuti Mmalawi aliyense akawerenga adziwe kuti ndi nsomba yomwe ija ya ku nyanja yathu. Kenako pepa inapatsidwa nambala yake ya DOI, yoipezera pa intaneti, ndipo dzina langa linaoneka pamwamba.

Pamwamba pamenepo pali mayina atatu: langa, la alangizi, ndi la a Profesa kumapeto. Ma journal ambiri amatsata mfundo zinayi za bungwe la akonzi a ma journal a zachipatala lotchedwa ICMJE pa nkhani ya amene ayenera kutchedwa mlembi. Munthu akhale atathandiza kwambiri pa kukonza kafukufuku kapena kusonkhanitsa ndi kusanthula zopezeka, akhale atalemba nawo kapena kuunika zolembazo mozama, avomereze zomaliza, ndipo avomere kuyankha ngati patabuka mafunso. Mfundozi n'zabwino, zimateteza ophunzira kwa akuluakulu ofuna kukwera pa ntchito imene sanaigwire. Alangizi anazikwaniritsa zonse, ndipo ndinaumirira kuti dzina lawo likhalepo. Koma taonani agogo aja. Mfundo yoyamba anaikwaniritsa kuposa tonsefe, poti funso lenileni la kafukufukuyu ndi lawo, ndipo njira yoyesera anaikonza ndi iwo. Pa mfundo zinazo anagwa chifukwa chimodzi chokha: sawerenga Chingelezi. Kuonjezera apo, chikalata chimene anadindapo chala mu 2022, chovomerezedwa ndi komiti yoteteza anthu ochitidwa kafukufuku, chinalonjeza kuti dzina lawo silidzatchulidwa paliponse. Lonjezo limenelo linaikidwa kuti liwateteze, ndipo ndikulisunga ngakhale pano. Koma lomwelo ndi limene linawafufuta pa ntchito yawo. Zimenezi sizinandichokebe pamtima.

Chimene ndinakwanitsa n'kupempha mkonzi kuti alole chidule cha m'Chichewa chiikidwe ngati choonjezera pa pepayo. Analola. Tsamba limodzi limenelo linanditengera masiku anayi. M'Chingelezi ndinkatha kubisala kumbuyo kwa mawu a masamu, koma m'Chichewa ndinayenera kunena poyera kuti kusiyana kumene tinaona ndi kwakukulu moti sikungakhale kongochitika mwamwayi, ndiponso kuti pa mbozi zikuluzikulu sitinaone kusiyana kotere. Ndinazindikira kuti ziganizo zina zimene ndinkalephera kuzinena m'Chichewa ndi zomwe sindinkazimvetsa bwino ngakhale m'Chingelezi.

Mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, anthu akugalauza mizere kudikira mvula, ndinabwerera ku Linthipe ndi makope osindikiza. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango, alimi a m'kalabu, alangizi, ndi a mfumu. Ndinawerenga tsamba la Chichewa lija mokweza. Nditamaliza, agogo anatambasula manja awiri, ndinawapatsa pepa yonse. Anaitembenuza tsamba ndi tsamba, n'kuima pa chithunzi cha mizere ya m'munda mwawo, anaizindikira ndi chulu chimene chili kumapeto.

"Nanga dzina langa lili pati mwanangu?"

Ndinawaonetsa mzere wa kumapeto, pamene talemba kuthokoza alimi a m'boma la Dedza, n'kuwakumbutsa za chikalata chija anadinda. Anayang'ana mzerewo nthawi yaitali, chala chili pomwepo. Kenako anati, "Chikalatacho ndinadinda poopa kuti mwina ndi za boma zofuna kutilanda minda. Ukanandifunsa lero, ndikanati lemba." A mfumu anavomereza ndi mutu.

Ndinawalonjeza kuti pa pepa yachiwiri ndikapempha komiti ija kuti pa chikalata pakhale malo oti munthu asankhe yekha ngati akufuna kutchulidwa, ndiponso kuti zolembazo ndidzabwera kudzawawerengera m'Chichewa zisanatumizidwe, kuti adzavomereze kapena kukana ndi pakamwa pawo. Kalata yopempha zimenezi ndinailemba sabata yomweyo.

Tisanabalalike, agogo anapinda pepa ija pawiri n'kuimanga pa nsonga ya chitenje. Kenako anandikodola. "Pamene wawerenga paja wati tizithira madzulo. Waiwala kunena kuti kukagwa mvula usiku umenewo, m'mawa mwake ubwerezenso." Ndinatulutsa kope lomwe lija la 2022, ndinapeza tsamba lopanda kanthu chakumapeto, n'kulemba.